Mbala Yosiya Katundu Nkutenga Kasitomala

Anzanga a m'misika, inu a ku Limbe ndi ku Ndirande, a kwa Tsoka ndi ku Lizulu mu Lilongwe, osaiwala a ku Zigwagwa ku Mzuzu, landirani moni wochokera kwathu kuno ku Mayani, kwa Mfumu Yaikulu Tambala, m'boma la Dedza lomwe limakudyetsani mbatatesi chaka chonse.

Sabata ino ndati tikambirane za kuba. Musathamangire kugwira m'thumba, ndalama zanu zilimo. Kuba komwe ndikunena nkwachilendo. Wobedwa samva kalikonse, wakuba sathawa, ndipo ife oonerera timachita kuwomba m'manja nkumati, "Koma mwana ameneyu ndi katswiri pa foni!"

Pa msika uliwonse masiku ano, ngakhale pa Mayani pompano, simulephera kupeza kachipinda ka mnyamata wa laputopu. Sipika ili pakhomo ikugonthetsa anthu m'khutu, zingwe zotchajira zili lendelende ngati mizu ya kachere. Mumalowa ndi memole khadi yopanda kanthu, mumatuluka ili tho ndi nyimbo, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndiponso zomwe zabwera posachedwazi, timapulogalamu ta pafoni tomwe ana akuti ma app. Mtengo wake sufika ngakhale pa mulu wa tomato.

Tisiyanitse kaye zinthu, tingaweruze mbuzi pa mlandu wa fisi. Ma app ena eni ake amapereka ulere. Mnzanu akakutumizirani yoteroyo pa Xender kapena Bluetooth pofuna kukupulumutsirani bandulo, palibe amene walira. Koma pali ena omwe mwini wake anaika mtengo, kapena anatsekera mbali ina kuti olipira okha ndiwo alowe. Ndiye kumapezeka akamuna ena omwe amathyola loko, nkuifalitsa kuti aliyense atole. Palinso mtundu wachitatu, wotenga app ya eni ake nkuisoka mwina, kuipaka utoto nkuipatsa dzina lofananako, monga GB WhatsApp imene ambiri a inu mukunyadira kuti imaonetsa ngakhale uthenga womwe mnzanu wafufuta. Nkhani yanga ili pa mitundu iwiri yomalizayi.

Ndikudziwa yankho lanu, chifukwa ndalimva kambirimbiri. Mumati, "Inu achimwene, ndaba chiyani? Mwini wakeyo yake ikadalipo. Ndikaba thumba la nyemba, pamalopo pamatsala poyera. Nanga apa pachoka chiyani?"

Funso labwino, ndipo ndiliyankha m'chinenero chanu cha geni. Tiyerekeze mayi mwadzuka tambala woyamba, mwakwera lole mpaka ku Dedza, mwapikula matumba asanu a mbatatesi. Mwalipira wokweza, mwalipira galimoto, mwagona panjira mphepo ya mu Juni ikukulowani m'mafupa. Mwafika pamsika, mwadula chiphaso, mwayala malonda. Kenaka pambali panu pakhala munthu wa mankhwala ake, amene akangoyang'ana mulu wanu, mulu wina wofanana nawo ukumera pamphasa pake, ndipo iye akugawa ulere kwa aliyense wodutsa. Mbatatesi yanu sanakhudzeko ngakhale imodzi. Tandiuzani, pofika madzulo m'chitenje mwanu mukhala muli zingati? Ndipo sabata yamawa lole ija mudzakweranso?

Chomwe chabedwa ndi kasitomala. Ndipo inu a malonda mukudziwa kuposa ine kuti katundu wopanda wogula ndi chinyalala chodikira tsiku lowola.

Akuluakulu amene munaona zaka za m'ma 1990, nyimbo imeneyi simukuimva koyamba. Matipate atangolowa, oimba athu anatulukira ngati bowa. Ku Balaka kunali a Paul Banda ndi Alleluya Band, kunatuluka malemu Lucius Banda, kunabwera a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro, kenaka a Joseph Nkasa ndi malemu Evison Matafale. Woimba ankati akajambula chimbale, ulendo wa ku Limbe kwa O.G. Issa, kumene makaseti ankachulukitsidwa nkumwazikira dziko lonse. Ambiri mwa mavenda amene lero muli ndi mashopu munayambira pomwepo, kupikula makaseti nkumayenda nawo m'madepoti. Oimba ankadandaula ndithu kuti gawo lawo pa kaseti imodzi linali lochepa, komabe linalipo. Munthu ankatha kumanga nyumba ndi mawu ake.

Akuba analiponso nthawi imeneyo, a wailesi za makomo awiri zija. Nchifukwa chake bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza ntchito za aluso, linadzayamba kumata kachizindikiro pa kaseti yeniyeni kuti wogula aziisiyanitsa ndi yabodza. Zinkathandizako, poti kukopera kaseti kunkafuna nthawi, ndipo ukakopera kuchokera pa yokopera kale mawu ankamveka ngati woimbayo ali m'chitsime.

Kenaka kunabwera CD, kompyuta ndi memole khadi. Apa ndiye zinthu zinasokonekera. Nyimbo ya pakompyuta ngakhale muikopere kachikwi siitha mawu, ndipo chizindikiro mungachimate pati pa chinthu chosagwirika? Mawu oti "kubena" analowa m'Chichewa, timashopu tobenera tinadzaza m'matauni ndi m'midzi momwe, ndipo malonda a makaseti ndi ma CD enieni anafa ife tikuona. Lero woimba wa kuno amadalira mashowo, maukwati, makampani otsatsa malonda ndi misonkhano ya ndale. Mukamadabwa kuti bwanji woimba amene munkamukonda wasanduka wotamanda mabwana pa nsanja, kumbukiraninso memole khadi yanuyo. Njala ilibe manyazi.

Tsono chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lakelo lafikira ana athu opanga ma app.

Mwina simudziwa kuti aliponso a kuno kwathu. Alipo. Chaka ndi chaka ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni ndi ku Zomba kumatuluka anyamata ndi atsikana odziwa kulemba mapulogalamu. Ku Lilongwe kuli malo ngati mHub, omwe anayambitsa mayi Rachel Sibande, kumene achinyamata amaphunzirako luso lomweli. Ambiri mwa anawa fizi yawo inachokera m'mabenchi mwanumo, m'kaunjika ndi m'usipa.

Nanga app imodzi imadya chiyani kuti ibadwe? Choyamba laputopu, yomwe mtengo wake umatsata dola, ndipo mukukumbuka kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chachiwiri bandulo ya miyezi ndi miyezi. Chachitatu magetsi, amene khalidwe lawo simufuna kuti ndikuuzeni. Kuti aike app yake pa Google Play ayenera kulipira madola 25 olembetsera, ndipo pa chilichonse chomwe wagulitsa eni msikawo amadulapo gawo lawo, lomwe kwa ogulitsa ang'onoang'ono analitsitsa mu 2021 kuchoka pa 30 kufika pa 15 peresenti. Chiphaso cha msika chimenecho. Pamwamba pa zonsezi pali tulo tomwe sanagone. Ndipo app siili ngati mpando woti ukakhoma wathana nawo. Mafoni akasintha, iyenso ayenera kuikonza, apo ayi imangotseguka nkudzitsekanso.

Kunja anzathu amasunga mawerengero, ndiye tiyeni tibwerekeko. Mu 2012 kampani ya ku Czech Republic yotchedwa Madfinger Games inkagulitsa gemu ya pafoni, Dead Trigger, pa mtengo wosakwana dola imodzi. Pasanathe nthawi anangoisandutsa yaulere pa Android, nkunena poyera kuti okopera achuluka moti kugulitsa kulibenso phindu. Mu Januwale 2015 kampani ya ustwo ya ku London, eni gemu ya Monument Valley, inalengeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anaiika pa foni za Android, olipira anali 5 okha. Enawo sikuti onse anali mbala, poti munthu mmodzi amatha kuiika pa mafoni awiri, komabe 5 pa 100 ndi geni yoti mayi wa tomato angaitseke tsiku lomwelo.

Yondiseketsa ine ndi ya abale awiri, Patrick ndi Daniel Klug. Mu 2013 anatulutsa gemu ya pakompyuta yotchedwa Game Dev Tycoon, imene wosewera amakhala ngati mwini kampani yopanga magemu. Mwadala iwo eni anaponya kope yaulere kumene kumatolera akuba, koma anaitchera msampha. Mu kope imeneyo wosewera amati akalimbikira, kampani yake ikukula, mwadzidzidzi anthu amayamba kukopera magemu ake mpaka kampaniyo kugwa. Tsiku loyamba, oposa 93 mwa 100 alionse ankasewera yakubayo. Ndipo ena mwa iwo anapita pa intaneti kukadandaula kuti, abale, tithandizeni, akuba atimaliza! Fisi kulira kuti m'khola mwake mwalowa fisi.

Anzathu akunjawo ali ndi pothawira, msika wawo ndi dziko lonse lapansi. Nanga mwana wa kuno amene walemba app ya m'Chichewa, msika wake ndi ndani? Ndi inu nokha. Mukamuthawa inu, watha.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zamakompyuta. Poona mmene mayi ake ankavutikira ndi kope la ngongole, lija limanyowa ndi mvula nkufufutika maina, anakhala pansi miyezi ingapo nkupanga ka app ka m'Chichewa kolembamo katundu wolowa, wotuluka, ndi amene atenga pangongole. Anakaika pa mtengo wa mbale imodzi ya nsima ya mumsika. Anagula anthu owerengeka. Mmodzi mwa ogulawo anakapereka kwa mnyamata wa laputopu, uyo nkuchotsa loko, basi kanayamba kuyenda kokha. Tsiku lina mphwangayo ali m'minibasi anaona bambo wina akukagwiritsa ntchito, mtima unachita kuti myaa. Atafunsa kuti anakapeza kuti, bamboyo anati, "Pa msika, amaika ulere ukabenetsa nyimbo. Koma amene anapanga ndi wanzeru, ayenera kuti ndi mzungu."

Mphwangayo sanakwiye. Anangosiya. Lero amalembera mapulogalamu kampani ina ya kunja ali m'chipinda chake ku Lilongwe, ndipo za app ya m'Chichewa safuna nkumva komwe. Bambo a m'minibasi aja tsiku lomwe adzasinthe foni, ka app kaja kakadzakana kutseguka, ngongole zawo zonse zili momwemo, adzadandaulira ndani?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imatembenukira kwa inu. Opanga ma app padziko lonse ataona kuti kugulitsa kamodzi sikukuyenda, anasintha machenjerero. Ena anadzaza ma app awo ndi zotsatsa malonda, zija zimakutulukirani pamaso mukufuna kuwerengera chenje, ndipo zimadya bandulo yanu yomweyo. Ena anati muzilipira mwezi ndi mwezi. Ena anakonza zoti app isagwire ntchito popanda intaneti, kuti azitha kuona ngati munalipira. Kwa munthu wa ku London zimenezo nzazing'ono. Kwa munthu wa ku Mayani, amene nthawi zina amachita kukwera pachulu kuti apeze netiweki, ndiye kuti app yoteroyo siyake. Tinkati tikuchenjera, koma walira mvula walira matope.

Chachiwiri nchoopsa kuposa apa. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti munthu amene amathyola loko wa app nkuigawa ulere amadya chiyani? Ndi m'bale wanu? Amakukondani? Pamsika mukaona munthu akugawa nyama ulere mumayamba mwafunsa kuti ng'ombeyo yafa ndi chiyani. Mu 2021 akatswiri a kampani ya Kaspersky anapeza kachilombo kotchedwa Triada mkati mwa FMWhatsApp, mmodzi mwa abale ake a GB WhatsApp, ndipo mu 2022 anakapezanso mu ina yotchedwa YoWhatsApp. Kachilombo kotere kamatha kuwerenga ma SMS anu, kukulembetsani ku zinthu zolipira inu osadziwa, ngakhale kulanda akaunti yanu. Eni WhatsApp nawo akhala akutsekera anthu ogwiritsa ntchito ma WhatsApp osokedwawa.

Tsono taganizani. Foni yomweyo ndi imene muli Airtel Money ndi Mpamba. Ndi momwe mumalandirira maoda, momwe muli manambala a alimi a ku Dedza ndi a madalaivala a malole, momwe gulu lanu la banki m'khonde limakambirana. Kale mpamba wanu munkaumangirira m'chiuno, ndipo palibe amene akanalola mlendo kupisamo dzanja. Lero mpamba uli m'foni, ndipo mukuipereka nokha kwa mlendo amene nkhope yake simunaione, chifukwa chofuna kuwerenga uthenga womwe apongozi afufuta.

Pamenepa wina anena kuti mkulu ameneyu akuyankhula ngati wokhuta. Ayi, mavuto anu ndikuwadziwa, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi, choncho nawonso opanga ma app ndi aboma ndiwatsina.

Anthu ambiri sakopera chifukwa cha nkhanza. Bandulo ndi yodula, ndiye kutsitsa app pa intaneti kumaposa mtengo wopita kwa mnyamata wa laputopu. Komanso ngakhale munthu atafuna kulipira, alipira bwanji? Misika ya ma app ya kunjayi imakonda khadi ya ku banki yotha kulipira m'madola, chinthu chomwe mayi wogulitsa mandasi sanachigwirepo. Mitengo yakenso anaikira anthu a m'mayiko olemera. Ukatseka khomo, usadabwe anthu akamalowera pazenera.

Choncho inu ana athu opanga ma app, phunzirani kwa amayi anu a mumsika. Iwo sagulitsa mafuta ophikira a malita asanu kwa munthu wa ganyu, amathira m'timapepala ta tayi. Gulitsani pang'onopang'ono, kolipira pa sabata kapena pa mwezi, kudzera pa Mpamba ndi Airtel Money zomwe aliyense ali nazo. Ikanimo nambala yanu kuti wogula akakakamira akuimbireni, chifukwa chimenecho wakuba sangakopere. Ndipo lembani dzina lanu ndi mudzi wanu poonekera, anthu adziwe kuti si mzungu, ndi mwana wa kwa Tambala kapena wa ku Chilomoni. Kubera munthu amene ukudziwa amayi ake kumavutirapo.

Mnyamata wa laputopu naye musamuone ngati satana. Ndi mwana wathu wosowa ntchito, ndipo ndi yekhayo pamudzi amene amadziwa kutsegula foni ya agogo ikatsekeka. Msika ali nawo kale m'manja, anthu amamukhulupirira. Bwanji osamusandutsa ejenti, kuti pa app iliyonse yeniyeni yomwe waikira munthu azidyapo kenakake, monga muja mavenda ankadyera pa makaseti a kwa O.G. Issa? Kumulanda laputopu lero, mawa abwereka ina. Kumupatsa gawo, ayamba yekha kulondera katunduyo.

A COSOMA, lamulo latsopano la 2016 lomwe linalowa m'malo mwa la 1989 lija limatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Tikudziwa kuti pali msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zina, monga mafoni ndi ma memole khadi, umene a MRA amatolera katundu akamalowa m'dziko, ndipo oimba ayamba kulawako. Zikomo, ndi chiyambi chabwino. Koma mukamayenda m'misika kuphunzitsa anthu, musamathere pa nyimbo ndi mafilimu pokha. Tchulaniponso za ma app, ndipo ana opanga mapulogalamuwa muwaitane adziwe kuti lamulo ndi lawonso. A makampani a mafoni ndi a MACRA, nkhani ya mtengo wa bandulo sitisiya kuinena.

Ndipo inu anzanga a m'misika, sindikukupemphani zambiri. Za ulere zenizeni zilipo zambiri, tengani kumene eni ake aziika. WhatsApp yeniyeni salipiritsa, ndiye yosokedwayo mukuifuniranji? Ichotseni lero, musanalire. Koma mukapeza app yopangidwa ndi mwana wa kuno, imene ikukuthandizani pa geni yanu, ndipo mtengo wake ndi wa mulu umodzi kapena iwiri ya tomato, lipirani. Mnzanu akati nditumizireko, muuzeni kuti akagule, monga momwe mumamuuzira akafuna sopo wa pabenchi panu. Inu amene mumathamangitsa mbava ya kabichi mmodzi mpaka kutsidya kwa mlatho, musakhale oyamba kuombera m'manja wobera mwana wa mnzanu.

Oimba tinawalira maliro ali moyo, ndipo lero tikudandaula kuti nyimbo zakale zinali bwino. Ana awa akatopa sadzaimba pa ukwati kuti apeze ya ndiwo, adzangotembenukira kwa mabwana akunja amene amalipira, ife nkutsala ndi ma app a m'Chingerezi owerengera madola, osadziwa kuti ndowa ya nyemba ndi chiyani.

Kwazizira kuno ku Mayani, ndikaothe moto. Malonda akuyendereni bwino, tionana sabata yamawa.